Tsiku Limene Ndinameta Apongozi

Mpaka lero alipo anthu a ku Nzama amene akandiona pa Boma amayamba adzigwira kumutu, kenako n'kuphulika chiseko. Sindiwakwiyira. Ndinaziyamba dala.

Masiku amenewo tinkachita lendi kanyumba kuseri kwa msika wa pa Ntcheu, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu woyamba, Tadala. Ntchito inali itandithera, ndiye ndinkangoswera kutokosa foni. Tsiku lina ndinaona uthenga wakuti munthu angathe kuphunzira kumeta pa intaneti ali pakhomo pake. Ndinalipira pafoni pomwepo (mayi a Tadala ndinawauza kuti ndayamba sukulu, ndipo sikunali kunama), n'kukagula makina ometera akaunjika, aja olumikiza kumagetsi.

Kunena zoona, maphunzirowo anali okoma. Mphunzitsi wa m'mavidiyomo manja ake ankayenda mofewa ngati akusisita khanda. Kusiyana kwathu kunali kwakuti iye anali ndi mitu yophunzitsira, ine ndinalibe. Anzanga onse anandikana. Choncho ndinkayeserera pa chikopa cha mbuzi chimene tinkakhalira pakhonde. Chikopa sichidandaula, ndiye posakhalitsa ndinayamba kudziona ngati katswiri.

Kenako kunabwera nkhani yabwino. Apongozi anga, atakhala limodzi mpaka kuona zidzukulu, anaganiza zokadalitsa ukwati wawo m'tchalitchi ku Nzama. Mwambowo utatsala mawa, apongozi aamuna anatsikira pa Boma kudzatenga suti yawo kwa telala. Anali munthu wamtali, wosachedwa kuseka, ndipo tsitsi lawo la imvi ankalinyadira kwambiri. M'thumba la malaya simunkasowa chipeso.

"Ndingomwa tiyi, ndipite akandichepetseko tsitsili," anatero.

"Mukavutikiranji, bambo?" anayankha mkazi wanga. "Bambo a Tadala akuphunzira zometa pa intaneti."

Ndinamuponda phazi, koma zinali zitatuluka kale.

"Pa intaneti?" Apongozi anandiyang'ana ndi ulemu umene anali asanandipatsepo. "Ndiye ndikapererenji mutu wanga kwa anthu achilendo? Akamwini, yambani ntchito."

(Munthu wanzeru akanakana apa. Koma inu simunamve mmene anatchulira mawu akuti intaneti.)

Ndinawakhazika pampando, kuwafunditsa chitenje, foni n'kuitsamiritsa ku kapu patebulo. Mphunzitsi akameta, nane ndimete. Kumbali kwa khutu kunayenda bwino, moti ndinayamba kuimba kamluzu. Titafika poti tikwere pamwamba, vidiyo inaima. Pafoni panangotsala kachizindikiro kaja kozungulirazungulira. Ndinawerama kuti ndione ngati ndi netiweki kapena bandulo, koma dzanja linapitiriza lokha ulendo. Kachipeso kaja kovalika kutsogolo kwa makina, koteteza kuti tsitsi lisathe lonse, kanagwa pansi osandiuza.

Nditadzutsa maso, pamutu pa apongozi panali msewu. Unayambira pachipumi mpaka kunkhongo, woongoka bwino ngati M1.

"Bwanji mwasiya kuimba?" anafunsa.

"Ndi mmene amayambira masitayilo a masiku ano, bambo."

"Kani. Koma ndikumva kamphepo."

Ndinaganiza zochepetsa mbali zonse kuti zifanane ndi msewuwo. Ndinangometa kachigawo kamodzi kumanzere, makina anati zii. Magetsi athima.

Mkazi wanga anatuluka m'khichini atanyamula mbale ya kachewere wowiritsa. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana ine, n'kubwerera momwe anachokera. Patapita kanthawi tinamva ngati munthu akulira kuseri kwa chitseko. Sikunali kulira.

"Tandipatsani galasi," anatero apongozi.

Anadziyang'ana nthawi yaitali, akutembenuza mutu uku ndi uku. Ine thukuta lili kamukamu, chonsecho unali mwezi wa Juni.

"Akamwini, sukulu yanuyi mwafika kalasi yanji?"

Ndinathamanga pa kabaza kuzungulira Boma lonse kufuna wometa amene makina ake amayendera batire. Kumene ndinawapeza kunali mzere wa anthu mpaka panja, ndipo apongozi anakanitsitsa kutuluka m'nyumba. "Mutu uwu sudutsa pamsika," anatero. Panatsala njira imodzi yokha. Ndinagula lezala, ndinatenthetsa madzi, ndipo imvi zonse zija ndinazigwetsa pachitenje, iwo maso ali tseke. Titamaliza anatulutsa chipeso m'thumba n'kundipatsa.

"Sungani. Ine chandithera ntchito."

M'mawa mwake ku Nzama kunazizira koopsa, ndipo m'tchalitchi mwamuna savala chipewa. Mkwati analowa mutu ukuwala, makutu ali panja ngati zogwirira za poto. Amayi a kwaya anasokoneza nyimbo. Ine ndinakhala benchi yakumbuyo kwenikweni. Apongozi aakazi, amene usiku wonse anagonera kwa achemwali awo monga mkwatibwi weniweni, anali asanawaone. Atafika kuguwa anaima, kuwayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Abambo mfumu, dikirani kaye. Amene ndinagwirizana nawo aja si awa."

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, ansembe omwe anachita kubisa nkhope m'buku. Apongozi aamuna anaseka mpaka misozi, n'kuwagwira dzanja akazi awo. Paphwando ankakoka aliyense kudzandionetsa: "Uyu ndiye mkamwini wanga wa pa intaneti."

Chodabwitsa n'chakuti tsitsi lija sanalisungenso. Ankati mpala ukuwapepukira. Mwezi uliwonse ankatsikira pa Boma, kukhala pampando womwe uja n'kuyamba kundisimbira za ng'ombe za bambo awo, za mmene anafunsirira apongozi aakazi kuchigayo, za mitengo ya kabichi. Zambiri zimene ndimadziwa za iwo ndinazimva nditaima kumbuyo kwawo, lezala ili m'manja. Anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo mpando uja sindilola kuti wina ameterepo.

Anthu amandifunsa ngati maphunziro olipira a pa intaneti ali aphindu. Ine ndimati inde, bola mutu woyamba usakhale wa apongozi. Maphunzirowo ndinamaliza, ndipo satifiketi imene ananditumizira imati ndimadziwa masitayilo osiyanasiyana. Koma pa Ntcheu ponse pano, munthu akabwera kumalo anga ometera amayamba wandichenjeza: "Mpala womwe uja, achimwene. Zinazo musayese."