Tsiku limene ndinatembenuza geti la ku Kabulonga

Amene akukayika apite ku Kabulonga akaone geti la amayi Tembo, adzandiuze kumene layang'ana. Ine Lungu ndakalambira pansi pa maminibasi ku Kabwata kuno, ndipo bodza sindingaliyambe lero ndi imvi.

Amayiwo amuna awo atamwalira anawasiyira boti la matanga pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Amayiwo ankafuna kukaliyandamitsa panyanja ku Siavonga kamodzi kokha, monga malemu ankawalonjezera. Koma ukangoliza injini, belu linkalira ngati mbuzi yomangidwa. Pansi pa injini, pamene mwendo wa pulopela umatulukira kunsi kwa boti, pali malabala awiri otchinga madzi, ndipo pakati pake pali kasensa ngati chala changachi, kochenjeza madzi akalowa. Amakaniko atatu anati kanafa, koma kukachotsa analephera, dzimbiri linali litakakwatira. Ine ndinalumbira pamaso pa anzanga pagalaja kuti kakandikana, masipanala anga agawane, ndikagulitse tomato. Mantha anandigwira pambuyo pake, sindibisa.

Ndinathira mafuta a mabuleki, kanangomwa n'kupempha ena. Ndinayatsa moto, kanangowotha. Ndiye ndinalowetsa sipanala m'paipi, paipiyo mu ina, inayo mu inanso, mpaka nsonga yake inakafika ku Woodlands, ine n'kuyenda wapansi kukagwira kumeneko, n'kumakankha pang'onopang'ono ndikuimba nyimbo ya kwaya, kasensa kali phee, koma boti linayamba kutembenuka, mtengo wa mango n'kutsatira, nyumba ndi mpanda womwe, mlonda ali pampando pake akumwa tiyi osataya ndi dontho lomwe, mpaka geti limene linkayang'ana kutauni linayang'ana ku Chelstone. Mukumva? Pamenepo m'pamene kanagonja, n'kutuluka mazinga ake ali bwinobwino.

Ndinapukuta pabowo, n'kupaka girisi, n'kumanga katsopano ndi zala zokha. Nditaliza injini, belu lija linaliranso. Ndinakhala pansi, tomato ndikumuona m'maso.

Kenaka anabwera a Zulu, mkulu wosamalira maluwa panyumbapo, akukoka paipi ya madzi. "Ba Lungu, sendelani nisukeko," anatero. Ku Kabulonga chilichonse choima pabwalo chimasambitsidwa m'mawa uliwonse, ndipo iwo zaka zonsezo ankatsuka boti pamodzi ndi magalimoto, kunja ndi mkati, mpaka pansi pa injini, madzi n'kumalowa pakati pa malabala aja. Kasensa kakale kaja kanalibe mlandu. Kankanena zoona, ife n'kumakanamizira, monga mukundichitira inumu. Ndinaumitsa pakati pa malabala ndi nsanza, belu linakhala chete, ndipo masipanala anga ndi awa.

Amayi Tembo ananditenga ku Siavonga kuti ndikakwere nawo. Boti litayandama anagwetsa misozi, n'kundikodola ndi dzanja. Ndinayang'ana madzi aja, tsidya osaliona, ndinati ine ndilondera galimoto. Geti ndinalitembenuza ndine, koma boti lili pamadzi, phazi langa silinapondemo.