Lumo la Nyanga la a Mwasiyapa

Mumsewu mwathu muno munali munthu amene moni wake sunali "mwadzuka bwanji". Akakumana nawe m'mawa, maso ankathamangira pachibwano, kenaka chala n'kukugunda kunsi kwa khutu: "Mwasiya apa." Basi, moni watha. Ndiye dzina linachokera pomwepo, a Mwasiyapa. Dzina lawo lenileni ndikhulupirira ngakhale akazi awo ankachita kulifufuza pachiphaso.

Sankaopa munthu. Mkamwini wawo, tsiku loyamba kuonekera pakhomo, atavala suti yobwereka ndi tayi wofinya khosi, anabwezedwa pageti kuti akamalize kumeta. Dokotala amene ankawayeza pachifuwa anauzidwa kuti pansi pa mphuno pake pali ntchito yotsala.

Paunyamata wawo anali kondakitala wa basi. Anzawo basi ikaima ankathamangira kokadya, iwo ankathamangira kwa ogulitsa zakale kukasaka zometera. Pofika popuma ntchito anali nazo makumi anayi ndi zitatu, m'bokosi lamatabwa loyalidwa nsalu yofiira m'kati. Munali zachitsulo zija umapotokola kumunsi, kumwamba n'kuyasama ngati mwana wa mbalame, iwe n'kumezetsamo lezala. Munalinso malumo opinda, aatali, oti ukangowayang'ana khosi limayamba lokha kuyabwa. Zapulasitiki zamasiku anozi ankati n'zopalira mamba a nsomba.

Akazi awo, amene ine ndimawatcha alamu, ankadandaula poyera. "Ine ndikatsokomola amati imwa madzi. Lumo likagwira kadzimbiri amalipaka mafuta, kulifunditsa nsalu, n'kulifunsa ngati lapezako bwino. Ndili pamitala ine, akazi anzanga ndi zitsulo."

Koma nsanje ya alamu inali yamasewera. Nsanje yeniyeni inali mwa ine, ndipo sindibisa, ndakalamba.

M'bokosimo munali lumo limodzi lachogwirira cha nyanga, lakuda ngati khala, limene analipeza kwa wometa wina wokalamba kumathero kwa ulendo wa basi. Limeneli linkatuluka Loweruka lokha. Ndipo kupatula chibwano cha mwiniwake, linkayenda pachibwano chimodzi chokha mumsewu monse muno: cha atelala.

Atelala! Munthu woti mukhoza kukhala naye pabenchi tsiku lonse, mawu amene angatulutse ndi "ee" mmodzi, nayenso wochita kukoka ngati ulusi wothina. Anawachitira chiyani a Mwasiyapa? Palibe. Pomwe ine, wosoka nsapato, ndi amene ndinadula lamba wonolera malumowo, chikopa chabwino chimene ndinkasungira nsapato za ukwati wa mwana wanga. Ndinachipala, ndinachifewetsa, ndinaika ndi ngowe yokolekera pamsomali. Si zokhazo. A Mwasiyapa akanola lumo ankaliyesera pamkono panga, poti iwo ankati ubweya wanga ndi wouma bwino ngati waya. Zaka makumi atatu mkono wanga wamanzere unali wosalala ngati wa khanda, wamanja uli tchire. Mkono unalawa lumo la nyanga. Chibwano ayi.

"Achimwene," ndinawafunsa tsiku lina, "kodi nkhope yangayi inakulakwirani chiyani?"

"Nkhope ilibe mlandu. Mlandu uli ndi pakamwa."

"Pakamwa patani?"

"Simupatseka. Lumo ili silikhala pakhungu la munthu wolongolola. Mudzakhale chete kuyambira thovu mpaka chopukutira, ndidzakumetani."

Ndinati zazing'ono zimenezo. Sukulu ndinaisiya isanandizolowere, koma mayeso okhala chete ndiye angandikanike? Ndinayeserera masiku atatu kunyumba, mpaka mayi a kwathu anandigwira pamphumi n'kufunsa ngati akaitane abale.

Loweruka ndinafika pakhonde pawo m'mamawa, atelala asanabwere. Ndinakhala pampando wometerapo. Madzi otentha m'beseni, nsalu yofunda kumaso, kenaka burashi ikuvina m'kapu mpaka thovu kutukuka. Anandipaka bwinobwino, fungo la sopo kukoma ngati ungadye. Ndinamva lamba wanga uja akulira, shwa, shwa, shwa. Ndinatseka pakamwa mpaka mano kuwawa.

Satana alipo, anthuni. Nthawi yomweyo mumsewu munadutsa mphunzitsi wina atavala thalauza losokedwa ndi atelala, mwendo umodzi ukusesa fumbi, winawo ukuonetsa sokosi. Ndipo atelalawo ndi awo, akulowa pageti. Ndinalimbana nawo mawuwo. Ndinawameza, anabwerera. Ndinawamezanso.

"Atelala, nsalu ya mwendo winawo mwaisungira chaka chamawa?"

Ndinangomva kuti tswa, lumo lapindidwa.

"Dzukani."

"Achimwene, anali mawu ochepa chabe."

"Dzukani, mpando ukufuna mwiniwake."

Ndinaima pambali thovu likundiumira kumaso, ndikuonerera mdani wanga akumetedwa, maso atatsinzina ngati mphaka padzuwa. Akanandiseka bwenzi zili bwino. Koma ayi, chete. Chete wa munthu uja amatukwana kuposa pakamwa.

Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi nzeru. Ife osoka nsapato timasunga timisomali pamilomo tikamakhoma chidendene, ndipo ndi nthawi yokhayo imene mayi a kwathu amati m'nyumba mumamveka wailesi. Ndiye ndinafika ndi timisomali tisanu m'kamwa. A Mwasiyapa anandiyang'ana, anandizungulira, n'kunditambasulira chikhatho.

"Lavulani."

Ndinalavula.

"Chete wa misomali si chete. Komanso mukameza, alamu anga ndikawauze chiyani?"

Kuyambira pamenepo ndinaleka kupempha. Loweruka lililonse ndinkangokhala pachitsa pafupi ndi khonde, mkono uli wokonzeka kuyeserapo, ndikuwauza atelala kuti chibwano chawo chili ngati chidendene cha nsapato yakutha. Iwo "ee".

Kenaka ukalamba unawapeza a Mwasiyapa, ndipo unayambira kumanja, malo oipitsitsa. Kapu ya tiyi inayamba kugogoda mbale. Tsiku lina anadzicheka patsaya, munthu amene zaka zonsezi sanatulutsepo kadontho ka magazi. Anatseka bokosi, analowa m'nyumba, osatulukanso. Sabata yathunthu mumsewu anthu ankadutsa ndi zibwano zawo mwamtendere, koma mtendere wake wosakoma.

Lachisanu alamu anafika pabenchi yanga yosokera.

"Akukuitanani."

"Ine? Atelala amwalira kodi?"

"Atelala anayesa kuwameta dzulo. Awabweza."

Ndinasiya nsapato ya munthu ili yasa, ulusi uli lende. Ndinawapeza ali kuchipinda, makatani otseka, nkhope yonse ili mbuu ndi ndevu zoyera. Ndikanakumana nawo panjira ndikanawapitirira.

"Musandiyang'ane choncho," anatero. "Sambani m'manja."

"Nanga mnzanu wapamtima uja?"

"Munthu uja amameta ngati akundiyeza bokosi. Ali chete, ine chete, ndimangomva mtima wanga ukugunda. Inu chikopa mumachidziwa. Ichi n'chikopa chakale chabe. Tsegulani apo, mutenge la nyanga."

Ndinalitenga. Zaka makumi atatu ndikulilota, ndipo linali lopepuka ngati nthenga. Anandiuza mogwirira, zala zitatu pamsana, chaching'ono pamchira. Anandiuza kukoka khungu ndi dzanja linalo, kupendeketsa pang'ono, kutsata kumene ndevu zagonera. Nditafika pakholingo, khungu lili lofewa, mtsempha ukugunda pansi pa chitsulo, ndinayendetsa lumo pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinasowa chonena.

"Lankhulani," anatero osagwedeza milomo. "Mukundiopseza."

"Ndinene chiyani?"

"Nenani atelala."

Ndiye ndinawanena atelala. Ndinanena za kolala imene anaisokera kumbuyo, za matumba opanda polowera dzanja, zina zoona, zambiri zongopeka. Ndinkachita kuchotsa lumo kuti aseke kaye. Miyezi inayi ndinkapita tsiku ndi tsiku. Ndikamaliza ankayendetsa chala chonjenjemera chija pankhope yonse, kufunafuna. Ndiulule pano: ndinkasiya dala kachigamba kunsi kwa nsagwada. Akakapeza nkhope inkawala. Munthu ukamulanda ntchito yake, umamusiyirako kena.

Anatisiya m'mawa wina wa Lachitatu, ali wometedwa bwino. Zimenezo ndiye ndikhoza kudzitama nazo.

Patapita masabata awiri alamu anagawa za m'bokosi monga mwini wake ananenera. Mkamwini analandira zake, adzukulu zawo, dokotala uja nayenso chimodzi. Ine ndinakhala ndikudikira, manja ndapukuta kale pathalauza. Alamu anandipatsa lamba. Lamba wanga yemwe, wodula ndekha!

"Nanga la nyanga?"

"Anati la atelala."

Ndinatuluka osatsanzika. Miyezi inayi ya mpeni pakhosi, malipiro ake kundibwezera chikopa changa. Ndinamutukwana malemuyo njira yonse, Mulungu andikhululukire, ndipo mwezi wathunthu ndinkadutsa tsidya lina la msewu kuti ndisaone khonde la atelala.

Tsiku lina maso anandipereka. Ndinaona chinthu chakuda chikung'anima m'manja mwawo. Ndinawoloka. Anthuni, munthu uja ankasomolera ulusi wa zipi ndi lumo la nyanga! Ndevu zake zili nyankhalala ngati burashi yanga yopolishira.

"Mwapenga? Limenelo mukudulira zipi?"

Anandiyang'ana. Kenaka analankhula, ndipo ndinawerenga, anali mawu ambiri kuposa a chaka chonse chatha.

"Labuntha. Kunola sinditha. Kudzimeta nalo ndimaopa. Ndimangofuna lizikhala m'manja." Analipinda lumolo. "Malemu anati lumo kwa ine, lamba kwa inu. Anati mukadzatopa kukwiya mudzabwera."

Nkhalamba yochenjera ija! Inatimangirira pamodzi ngati nsapato ziwiri pachingwe, iyo n'kuchokapo.

Ndiye masiku ano Loweruka ndimanyamula lamba wanga kupita kwa atelala. Ndimakoleka pamsomali wa pakhonde, kunola, kupaka thovu, n'kumeta mdani wanga. Tangoganizani. Lumo lija ndimaligwira ine, kulisamala ine, koma kukoma kwake kukupitabe pachibwano chomwechija. Changa mpaka lero sichinalawe, ndipo amene ndinkafuna kuti andimete kulibe.

Msewu wathu wazizira. Anyamata akudutsa ndi ndevu za mbuzi, ena zojambula ngati mapu, popanda wowaimitsa. Geti la a Mwasiyapa limakhala lotseka mpaka dzuwa kukwera, ndipo alamu akuti m'nyumba mwakula kwambiri chichokereni akazi anzawo aja.

Loweruka lapitali, ndili pakati pometa, ndikukamba za tsiku limene malemu anathamangitsa wogulitsa zometera zapulasitiki ndi tsache, ndinaona kanjira kakutseguka m'thovu patsaya la atelala, kuchokera padiso kutsikira kuchibwano. Munthu wamkulu, chete, misozi ikungoyenda.

"Musagwedezeke," ndinatero, "ndingakuchekeni."

Ndinaima kaye, lumo lili m'mwamba, poti nanenso maso anali atayamba kuchita chifunga. Koma onani mwano wake. Ine amene ndinamudulira lamba, ine amene ndinamugwira khosi miyezi inayi, ndinali ndisanamulire mnzangayo. Ngakhale pamenepa, atelala ananditsogolera.