Tsiku Limene Anakaba Sajeni Chipewa

Mgodi wa ku Kabwe utatsekedwa, amuna amene anazolowera kulowa pansi m'mawa uliwonse anatsala pamwamba, osadziwa chochita nalo dzuwa. Atatu mwa iwo anadzisankhira tebulo la pakona m'bawa ina ya m'komboni ya Bwacha, ndipo pa tebulo limenelo, Lachinayi lina masana, m'pamene panabadwira nzeru yoposa nzeru zonse za m'tauniyo.

Mwini nzeruyo anali a Zephaniah Mbewe, amene anzawo ankawatchabe Shifitibosi ngakhale kunalibenso shifiti yoti aiyang'anire. Iwo anabadwira ku Kabwe, koma mkazi anakamutenga kwawo kwa bambo awo, ku Ntcheu. Mkaziyo, a Lyness, anali atanena mosakweza mawu kuti mwezi ukatha amuna awo akadali pa benchi ya m'bawa, iwo akwera basi kubwerera kwa makolo awo. Sutukesi inali itatsika kale pamwamba pa wadirobu. A Zephaniah ankaiopa sutukesi imeneyo kuposa mmene anaopera mwala uliwonse wa pansi pa nthaka.

Pambali pawo panakhala Mateyu, wotchedwa Mzati chifukwa ntchito yake inali yochirikiza denga la mgodi ndi matabwa, komanso Nevers, wotchedwa Belu, amene kwa zaka makumi awiri ankaliza belu la chikepe chotsitsa anthu mumgodi.

"Amuna anzanga," anayamba a Zephaniah, akusuntha chikho cha masese, "boma likugulitsa chilichonse. Akuti pulaivetaizesheni. Nafenso tichite yathu. Tikatenge Sajeni Chipewa."

Sajeni Chipewa anali wapolisi wa m'mabuku azithunzi ochokera kunja, wamfupi, wamimba, wa chipewa chophimba maso. Dzina lake lachizungu palibe ankalisamala. Anayambira m'mabuku, kenaka anafika pa wailesi yakanema ngati katuni ya Loweruka m'mawa, ndipo tsopano anali m'makina a masewero, bokosi lotalika ngati munthu, limene Mayi Clementina anaika m'sitolo yawo m'tauni. Ana a sukulu ankaima pamzere mpaka panja kuti athamangitse mbava pa galasi.

"Bokosi limenelo likafika ku Bwacha, ine ndine mwini bizinesi," anatero a Zephaniah. "Amayi akunyumba akweza sutukesi pamalo pake."

"Awe, ba Shifitibosi," anatero Belu, "manje ife kuba tinaphunzira kuti?"

A Zephaniah anamwetulira ngati mphunzitsi wofunsidwa funso limene analiyembekezera. Anatulutsa m'jumbo mulu wa mabuku a Sajeni Chipewa amene anabwereka kwa adzukulu awo.

"Ndawerenga onsewa, ena kawiri. Muli zolakwa zonse zimene mbava ingachite. Mbava za umu zimavala malaya amizeremizere. Ife tivala maovolosi. Zimabisa nkhope. Ife nkhope poyera. Zimayenda usiku monyang'ama. Ife tipita Lamlungu masana ndi wilibala, ngati anthu otumidwa ndi kampani. Ndani angafunse munthu wa chipewa cha mgodi?"

"Mudala uyu ni profesa," anatero Mzati, ndipo anaitanitsa chikho china polemekeza maphunziro.

Lamlungu litafika, dzuwa lili paliwombo, anthu atatu a maovolosi analowa m'kanjira ka kuseri kwa sitolo. Kunena zoona, mbali yoyamba ya ntchitoyo inali yosiririka. Khoma la njerwa linali ngati buledi kwa anthu oboola thanthwe, ndipo pasanathe theka la ola panali bowo lokwanira bokosi lija litagonekedwa. A Zephaniah anawerama kuti alowe, koma Mzati anawagwira lamba.

"Simulowa. Palibe sapoti, palibe thabwa lochirikiza."

"Iwe Mateyu, ino ndi sitolo."

"Bowo ni bowo, bosi. Zaka zonse zija munali kunikalipira pa nkhani ya sapoti. Lelo mufuna nipaye munthu, khoma limugwere?"

A Zephaniah, amene m'moyo wawo wonse sanalolepo munthu kulowa malo osachirikizidwa, anabwerera m'mbuyo n'kumupatsa malo. Mzati anazula matabwa a mpanda wa pafupi, nayamba kuyeza, kudula ndi kukhoma. Anatha maola awiri. Atamaliza, bowolo linali lolimba kuposa sitolo yonse, ndipo atatuwo anaima kanthawi akuliyamikira. Palibe anaganizira kuti matabwa aja alichepetsa mbali zonse ziwiri.

Belu anatsala panja kulondera wilibala. Enawo analowa, nagoneka bokosi, ndipo a Zephaniah anatsogola chagada, miyendo kunja, akukoka, Mzati akukankha m'kati. Bokosilo linayenda pang'ono, kenaka linakanirira pakati pa matabwa.

"Chotsa thabwa limodzi," analamula a Zephaniah.

"Sinichotsa. Lembani lipoti ngati mufuna."

Apo a Zephaniah anachita chinthu chimene akanachotsera munthu ntchito akanachiona mumgodi: analiponda thabwalo ndi jombo. Njerwa za pamwamba zinakhuthuka, bokosi linatsetsereka n'kuwakhala pachifuwa, ndipo nkhope ya Sajeni Chipewa yojambulidwa pambali pake inawayang'ana pafupi kwambiri, ikuseka. Mzati anatsekeredwa m'sitolo. Kunja kunangooneka jombo ziwiri zikupalasa fumbi.

"Belu," ananong'ona a Zephaniah, "usaitane munthu. Wamva? Usaitane munthu!"

Belu anamva, ndipo ndikhulupirira kuti mutu wake unavomera. Koma manja ake anali ndi zaka makumi awiri zawozawo. Ataona munthu pansi pa mwala, anatola hamala, nathamangira ku mzati wachitsulo wa magetsi, nayamba kugogoda kulira kumene wa mumgodi aliyense amakudziwa ngakhale ali m'tulo, kulira kwa ngozi. Anagogoda, napuma monga mwa lamulo, nagogodanso.

Pansi pa mtengo wa pafupi ndi msika panali amuna oposa makumi awiri akusewera nsolo, onse ochotsedwa ntchito. Pakati pawo panali a Anderson, amene kale anali kapitawo wa gulu lopulumutsa anthu mumgodi. Anaimirira mwala wa nsolo uli m'manja.

"Mwamva?" anafunsa.

Anali atamva. Anathamanga ngati anyamata, ena atavala majekete a kutchalitchi, ndipo m'njira anawonjezekera. Wina analanda jeke kwa woyendetsa minibasi, wina anabwera ndi chitseko choti chikhale machira. Pankhope pawo panali chimwemwe chimene tauniyo inali isanachione chitsekereni mgodi.

A Anderson anaima patsogolo pa Belu. "Lipoti! Ali angati pansi?"

Belu anaima njo. "Awiri, ba kapitawo. Zephaniah Mbewe, shifitibosi, na Mateyu Zulu, wa matabwa. Ine Nevers Chongo, wa belu." Anatchulanso manambala awo a ntchito ndi a nyumba, osaphonya ngakhale imodzi. Wapolisi wina amene anatsatira khamulo anangotulutsa kabuku n'kumalemba, osafunsa kanthu.

Ntchito yopulumutsayo inayenda mwaluso. Njerwa zinapatsirana dzanja ndi dzanja, jeke inalowa, bokosi linakwera pang'onopang'ono, ndipo a Zephaniah anasololedwa ndi miyendo, oyera ndi fumbi, nthiti ziwiri zitathyoka. Anthu anaomba m'manja. A Anderson anawapukuta kumaso ndi mpango wawo.

"Ba Shifitibosi, ndinu? Nanga munali kufuna mtovu m'sitolo?"

"Tinali kuyendera khoma," anatero a Zephaniah mofooka.

Mzati atatuluka, sanalankhule ndi wina aliyense koma wapolisi. "Bwana, mulembe bwino. Sapoti yanga inalibe mlandu. Ni ba Shifitibosi anaiponda pamene tinali kutulutsa bokosi."

"Kutulutsa bokosi," anabwereza wapolisi, akulemba mosamala.

Mayi Clementina anafika pa galimoto kuchokera kunyumba kwawo ku Highridge. Anayang'ana khoma, anayang'ana atatuwo, nalamula kuti bokosi liimikidwe ndi kulumikizidwa ku magetsi. Linayaka, nyimbo yake inalira, ndipo mtima wa mayiwo unakhala pansi. Kenaka anapempha wapolisi kuti achite ntchito yake. Opulumutsa aja ananyamula a Zephaniah pa chitseko, akuyenda mwa ndondomeko, mpaka ku chipatala, wapolisi ali pambuyo ndi Mzati ndi Belu.

A Lyness anafika madzulo a tsiku lomwelo, atavala chitenje cha paulendo. Anapeza amuna awo pa bedi, dzanja limodzi litamangidwa ku chitsulo ndi unyolo wa apolisi. Anakhala pa mpando.

"Basi ya ku Chipata inyamuka liti?" anafunsa a Zephaniah, maso ali kudenga.

"Mawa m'mawa."

"Ndinkafuna mundipeze ndili ndi bizinesi, amayi."

"Ndamva. Tauni yonse yamva. Akuti ngakhale ku Mulungushi, kutali konse kuja, amva." A Lyness anawakonzera pilo mosafatsa kwenikweni. "Ine ndinati mukafune ntchito. Inu, agogo a anthu, mwakawerenga mabuku a ana n'kukagona pansi pa chidole."

"Ndiye mukupita?"

A Lyness anavula nsapato, nazikankhira pansi pa bedi.

"Ndipite? Ndangotsitsa sutukesi, mwagwetsa khoma. Ndikakwera basi mugwetsa tauni. Munthu ngati inu sasiyidwa yekha, a Mbewe. Sunthani mwendo, ndiikepo mapazi."