Tsiku Limene Ndinafunditsa Kompyuta Chiguduli Chonyowa

Mpaka lero, anthu a ku sikimu ya mpunga ya Likangala akaona chiguduli chonyowa amatchula dzina langa. Sindikwiya nawo. Akanakhala ine akanakwiya bwanji, poti nkhaniyo ndi yoona?

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, mabwato ali gone pamatope. Mkamwini wanga Yusufu anali atabwera ndi kompyuta kuchokera ku Joni. Anaiika kuseri kwa chigayo, pamene panali magetsi a jenereta, ndipo alimi ankalipira kuti ayendetse galimoto yampikisano pagalasi. Nsomba kunalibe. Banja lonse tinkadyera m'bokosi limenelo.

Vuto linali lakuti galimotoyo inkadukiza ngati bwato lokakamira m'udzu wa mlulu. Yusufu anawonjezera timatabwa ta memori, n'kusinthanso kadi ya zithunzi. Zinasinthako, koma anthu ankafunabe liwiro.

"Pali njira ina, bambo," anatero akundionetsa m'mimba mwa bokosilo. "Timapini iti mukatisuntha, ubongo wake umathamanga kuposa mmene anaupangira. Koma umatentha."

"Ndiye musatikhudze," anatero mkazi wake Asiyatu, mwana wanga. "Tigule kaye fani yaikulu. Ikapsa tidya chiyani, utsi?"

Anatsutsana mpaka nthawi ya swala. Anapambana ndi Asiyatu, ndipo m'mawa mwake onse awiri anapita ku Zomba kukafuna faniyo, n'kundisiya ine pampando. (Ndili ndi zanga zakale ndi mwana ameneyu, moti ndinkalakalaka tsiku limene adzanene kuti ababa atithandiza.)

Kunabwera alimi a mpunga, matope ali m'miyendo.

"Madala, si inu munkakonza injini za maboti opita ku chilumba cha Chisi? Kabokosi aka kangakukanikeni?"

Ine sukulu ndinaiyamba ndili ndi imvi, ya kwacha, koma mawu amenewo anandikwana ngati digiri. Ndinazimitsa, n'kutsegula bokosi, n'kukola timapini tija ndi mbedza. Nditayatsa, abale, galimoto ija inauluka! Anthu anaimba mluzu. Wina anandipatsa chinangwa.

Pasanapite nthawi bokosi linayamba kutentha, koti n'kuwotcherapo chimanga. Sindinachite mantha. Msodzi aliyense amadziwa kuti chinthu chikamaopa dzuwa umachifunditsa chiguduli chonyowa. Chambo timafika nacho ku msika wa Songani chili chabwinobwino chifukwa cha nzeru imeneyi. Ndinaviika chiguduli mumgolo, n'kufunditsa bokosi lonse, n'kutsekanso bwinobwino timabowo takumbuyo kuti kutentha kusalowe. (Sindinkadziwa kuti kutenthako kunali m'kati, kukufuna potulukira.)

Kunamveka "thi!" Kenako fungo la pulasitiki. Galasi linada bii. Nditacheuka, alimi onse anali atakumbukira kuti akukathirira.

Asiyatu analowa fani ili m'manja. Anayang'ana chiguduli, n'kuyang'ana ine.

"Ababa, mwaiveka sanda ikadali moyo?"

Anazula chingwe pakhoma, ndipo Yusufu anamasula chilichonse. Mkamwini sangakalipire apongozi ake, ndiye ankangokalipira sikuludiraiva. Zidutswazo anaziyanika pathandala langa la matemba, lomwe linali lopanda ntchito chiphwereni nyanja. Ine ndinakhala pambali n'kumaingitsa nkhuku.

Zitauma anabweza timapini pamalo pake, n'kumanga fani yatsopano. Atayatsa, galimoto inatulukira. Alhamdulillah! Chimene chinafa ndi kadi ya mawu yokha. Galimoto inkayenda duu, ngati mzukwa.

"Anthu sangalipire galimoto yosalira," anadandaula Yusufu.

Asiyatu anandiikira mpando pafupi ndi galasi. "Paja ababa amadziwa injini. Yambani."

Choncho mpaka nyanja inabwerera, kulira kwa galimoto imeneyo ndinali ine. Ndinkabangula, kusintha magiya, ikagunda mtengo n'kukuwa. Anthu ankachokera kutali, ena osadzasewera n'komwe. Tsiku lina ndinamva Asiyatu akuuza mnzake kuti, "Ababa akutithandiza," akuseka mpaka misozi. Sindinkayembekezera kuti adzanena motero, koma ndinalandira ndi manja awiri.

Timapini sindinatikhudzenso. Koma za chiguduli, ndimaonabe kuti ndikanangochifinya pang'ono.