Tizikho Tinayi ta Bambo Otto

Lolemba

Tizikho tafika. Tinayi, tasiliva, kalikonse kutalika ngati chala changa chachikulu. Mwana wamkazi wa malemu Bambo Otto wandipatsa m'bokosi la nsapato, akuti bambo ake anasiya mawu kuti tikhale tanga. Zaka ziwiri ndakhala pa ntchito yowasamalira, ndikuwasambitsa, iwo akukamba za amisiri osula siliva a kwawo ku Jeremani, ine mtima uli pa basi ya ku Wheaton. Ndalira pang'ono pa siteji.

Nzeru yandipeza m'basi. Lamulungu kuli Mgonero. Wosunga tizikho tapulasitiki ta kutchalitchi ndi Mayi Gondwe, omwe ananena chaka chatha, kwaya yonse ikumva, kuti atsikana ena amangobwera kudzadya mandazi. Maso anali pa ine. Ndikapereka tanga kutsogolo, iwo alandire ndi manja awiri, mpingo ukuona. Basi.

Lachiwiri

Tada bii ngati poto wa pamaliro. Zofunika:
nsanza
mankhwala otsukira mano
mtima wachikhristu (ndibwereka)

Koyamba kawala, masamba okhaokha. Kachiwiri mphesa, za m'Malemba zenizeni! Kachitatu ndikupukuta, ndikupukuta, kwatulukira kamwana konenepa, buno bwamuswe, katakwera pamgolo, kakuseka. Mmisiri wake sanaiwale chiwalo n'chimodzi chomwe.

Mwina ndi mngelo. Ndatembenuza kufuna mapiko. Palibe.

Lachitatu

Kachinayi sikaima. Pansi pake ndi mutu wa nkhandwe, ukakaika patebulo kakugubuduka. Ndaimbira mwana wa Bambo Otto kuti kamodzi n'kowonongeka. Waseka mpaka kutsokomola. Akuti anakapanga dala, kuti munthu asakatule asanagugudize zonse. Akuti tonse tinayi n'tomwera kachasu wa kwawo, alenje popita kutchire.

Kachasu! Zaka ziwiri bambo aja osanditsinako khutu.

Tatsala tiwiri taulemu. Tiwirito tikhozabe kuchititsa Mayi Gondwe manyazi.

Lachinayi

Ndinauza munthu mmodzi yekha, Mercy wa ku Lusaka, mnzanga wa m'kwaya. Lero foni ikungolira. Pagulupu ya pafoni ya amayi akutchalitchi akuti ndabweretsa siliva wokwanira mpingo wonse. Wina akuti wagolide. Mayi wina wa ku Fairfax akufunsa ngati asoketse yunifolomu yatsopano.

Mercy: "Iwe, nauzako chabe bantu babili."

Mayi Gondwe atumiza kachithunzi ka chala chokweza m'mwamba. Mawu ayi. Chala chimenecho ndikuchidziwa.

Lachisanu

Kwa mkulu wina wokonza mphete ku molo, kumasitolo akuluakulu kuja, kuti andipalire kamwana kaja ndi tupa. Waika kagalasi padiso, wakayang'anitsitsa. Kenako akundionetsa kunsi kwa kachikho: tizidindo tiwiri, kena ka mzinda, kena ka zilembo za dzina la mmisiri. Akuti mwini ntchito ankadinda dzina lake kuti chikaipa adziwike ndi iye. Akuti zonsezi anagogoda ndi kanyundo, pang'onopang'ono, masabata. Za tupa wakanitsitsa, akuti bola ndimudule chala.

Wandibwereka kagalasi. Kamwanako kali ndi zikhadabo. Zala zakuphazi khumi, ndawerenga kawiri. Munthu anakhala pansi kalekale, msana kuwawa, kusema zikhadabo zoti diso silingazione. Ndi zimenezi Bambo Otto ankandiuza, ine ndikuba nthawi pawotchi.

Ndamubwezera kagalasi, ndatuluka. Kamwana kosapalidwa.

Loweruka

Kutchalitchi, kukafotokozera abusa mwakachetechete kuti tizikho sindiperekanso. Abusa kulibe. Kukhitchini kuli Mayi Gondwe okha, akuyala matireyi. Bokosi aliona ndisanalibise.

Atsegula. Avala magalasi. Akayang'anitsitsa kamwana kaja, kenako kuseka mpaka kukhala pa kula bokosi yoziziritsira zakumwa. "Mwanawe, kamimba aka ndi ka bambo akunyumba ndithu."

Akuti alemba okha pagulupu kuti tizikhoti n'tachikumbutso cha maliro, sitiperekedwa, ndipo wofunsa zambiri akafunse iwo. Andikulungira kalikonse m'pepala lofewa, bwinobwino.

Ndalephera kupirira, ndatchula za mandazi.

"Mandazi ati?"

Chaka chathunthu ndikusenza mtolo, mwini wake sakuukumbuka n'komwe! Ichi ndiye chandiwawa kuposa mandaziwo.

Lamulungu

Pulasitiki, monga mwa masiku onse. Palibe wandifunsa kanthu, kupatula mayi wa ku Fairfax amene wandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato, ali mu yunifolomu yatsopano.

Abusa akuti amene ali ndi chifukwa ndi mnzake ayambe wakonza asanayandikire gome. Ndayang'ana kudenga. Mayi Gondwe akuimba ndi mtima woyera mbee, chifukwa kwa iwo palibe mlandu. Tireyi yafika. Ndatenga.

Titaweruka Mayi Gondwe andikodola kusinki. Iwo akutsuka, ine ndikupukuta. Akuti ndili ndi dzanja labwino.

Kukhululuka sindinakhululuke. Koma andilemba pa ndandanda wa otsuka mpaka Khisimisi, ndipo ndavomera ndi pakamwa pangapa.