Tsiku limene ndinasokera galu nsapato

Tsikulo pakhomo panga ku Biriwiri panali mkazi wanga aNangozo, alamu anga aNgozo, mwana wanga Yohane amene anali atangokwatira, ine mwini, ndi galu wanga Adzanena. Onsewa anandiona ndikulira. Koma imvani kaye.

Adzanena anaponda chisonga, phazi lakutsogolo n'kung'ambika, uzimba utatsala milungu itatu. Alamu anati galu wamiyendo itatu ngwongotha chakudya, bola kumutaya kuphiri. Ndinawayankha kuti munthu amene anatsika m'migodi ya ku Joni sauzidwa za galu ndi mlimi wa kabichi (mawu anga anamveka mpaka kudambo).

Ndinatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kumanga ndi chidutswa cha nsalu ya aNangozo. Galu anavula ndi mano ndisanakhale pansi. Ndiye ndinadula m'mphepete mwa chishango changa chovinira ngoma, n'kumusokera kansapato. Ndinaiwala kuti chishango ndi chikopa cha ng'ombe. Adzanena anadya nsapato yonse, n'kundiyang'ana ngati ndimuonjezere ina.

Alamu anaseka mpaka kugwa pampando.

Apa mtima unandiwawa. Ndinatulutsa jombo zanga za ku Joni, zimene sindinkalola munthu kuzikhudza (Yohane anazipempha pa ukwati wake, ndinakana, analowa m'tchalitchi wopanda nsapato). Ndinadula imodzi kumtunda, n'kusoka kathumba, kunja kwake n'kupaka tsabola wosinja kuti galu asalume. Pomanga luzi manja onse anali pa galu, ndiye mfundo ndinakoka ndi mano.

Abale, tsabola wa aNangozo uja! Misozi, mamina, ndevu zonse chonyowa. Popukuta ndinagwiranso m'maso. ANangozo anandithira mtsuko wathunthu kumutu.

"Alamu, mukulira galu asanafe?" anatero aNgozo.

Koma nsapato inakhala. Adzanena anainunkhiza kamodzi, n'kuyetsemula, osaikhudzanso. M'mawa uliwonse ndinkavula, kutsuka bala, n'kuveka (mfundo ndi manja tsopano). Ntchentche zinasowa potera, bala linauma.

Tsiku la uzimba, gwape woyamba anagwidwa ndi ndani? Adzanena! Mwendo wa gwapeyo ndinawapatsa alamu pamaso pa anthu, kuti adye nyama ya galu wamiyendo itatu.

Pobwerera Yohane anayang'ana jombo yanga yoduka, n'kuyang'ana mapazi ake ong'aluka.

"Bambo," anatero, "chaka chamawa mukafuna kudula inayo mundiuze, ndiyambiretu kuuwa."