Pakamwa Panga ndi Buku la Tamanda

Lolemba
Mwana wanga Tamanda kuwerenga kumamuvuta, akuti zilembo sizikhazikika. Mayi womuthandiza kusukulu kwawo ku Ilford, kuno kutsidya kwa nyanja, wandipatsa ntchito: mwana aziwerenga mokweza tsiku lililonse, ine ndizingomvetsera. Malamulo:
- osamukonza
- osamumalizira mawu
- osausa moyo

Akuti ndikamulanda mawu, amadziona ngati mbuli. Zophweka izi! Ine ndimasamalira nkhalamba ku Barking, kudekha ndiye ntchito yanga.

Lachiwiri
Wakakamira pa mzere woyamba. Ndikudikira. Ndikudikirabe. Mawu angopulumuka okha pakamwa panga! Watseka buku, wapita kuchipinda.

Lachitatu
Nzeru yatsopano: ndavumata madzi kuti ndisalankhule. Wawerenga pang'ono, wandiyang'ana masaya, waphulika kuseka. Nanenso. Buku la ku laibulale lili pa hita, likuuma.

Lachinayi
Ndaimbira achimwene ku Kasungu, ndi aphunzitsi opuma. "Mlongo, ife tinkangothyola kanthambi, mwana n'kuwerenga." Ndanamizira netiweki.

Lachisanu
Buku lasowa. Ndalipeza kuseri kwa firiji. Sindinakalipe, Mulungu ndi mboni. Tili m'basi wandifunsa motsitsa mawu, "Mum, mutu wanga ndi wowonongeka?" Ndamuuza kuti ayi, ndalumbira. Tapitirira siteji yathu osazindikira.

Loweruka
Ndaweruka kuntchito masana, ndagwa pa sofa ndi yunifolomu, tulo. Ndikudzidzimuka, ndikumva kamawu. Tamanda wakhala pansi, wayedzamira miyendo yanga, akuwerenga yekha! Akuphonya, akubwerera, akupitirira. Ndatsinzina zolimba. Misozi ikulowa m'khutu. Kenaka wafika pa liwu lina lalitali, wazungulira nalo, wazungulira nalo... ndipo munthu wogona uja walitchula.
"Mum!"
Pakamwa ine!

Lamulungu
Ndagonja. Mawa ndikamuuza mayi uja kuti wovuta kuphunzira m'nyumba muno si Tamanda.

Tabwerako kutchalitchi, sindinatchule za buku. Iye yekha watenga pilo ndi bulangete, waziyala pa sofa.
"Gonani, Mum. Muyang'ane kukhoma."
Ndi masana dzuwa likuswa mtengo, mbale zili mu sinki, tulo ndilibe. Ndagona, ndayang'ana kukhoma, ndaluma ngodya ya pilo. Kumbuyo kwanga ndamva tsamba likutembenuka.